Sikelo yasintha, pulogalamu yonse yaima: ndithandizeni maganizo

Kamwana wa Malindi: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse? Ndilemba zambiri, mundikhululukire. Chaka chatha ndinapangira gulu la amayi ogula nsomba kuno kugombe pulogalamu ya pa foni ya Android. Kugombe amagulana ndi asodzi pa dazeni ndi pa chigoba, koma ogula a m'tauni amafuna makilo, ndiye pulogalamuyo imawerenga kulemera kuchokera pa sikelo kudzera pa Bluetooth, imatulutsa lisiti pa kapurinta ka m'thumba, komanso imaonetsa mmene mafiriji awiri a sola akuzizirira. M'mafirijimo ndi momwe amasungamo chambo ndi kampango asanatumize ku Blantyre. Sabata yatha sikelo inalowa madzi n'kufa. Amayi anatuma munthu ku Limbe, anagula ya mtundu wina. Foni ikulumikizana nayo bwinobwino, koma pa sikirini pakubwera 0, nthawi zina makilo oti munthu sanganyamule. Nditatsegula khodi ndapeza kuti zowerenga sikelo ndinazilemba malo 6. Ndikakonza apa, apo pakuwonongeka. Amayi abwerera ku kope ndi bolopeni, ndipo dzulo panali mkangano ndi wogula wina pa nkhani ya makilo. Mtima ukundiwawa chifukwa anandikhulupirira. Ndiyambire pati?

Mdala wa Sola: Pepani mwana wanga. Musanagwire khodi, tione kaye zimene sikeloyo ikulankhula. Ikani pa foni pulogalamu ya Serial Bluetooth Terminal, yomwe imaonetsa zomwe chipangizo chikutumiza, ilumikizeni ndi sikelo, ikanipo chinthu chomwe mukudziwa kulemera kwake, ndiye mutitumizire zomwe zikutuluka momwe ziliri. Musakonze kalikonse.

Kamwana wa Malindi: Ndachita, Madala. Ndaikapo ndowa ya makilo 12.35. Sikelo yakale ikanatumiza ST,GS,+012.35kg kenako mzere watsopano. Yatsopanoyi ikungotumiza =53.210=53.210=53.210 osapuma.

Mdala wa Sola: Werengani nambalayo kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro.

Kamwana wa Malindi: 012.35! Ikutumiza chambuyo! Masiku anayi ndakhala ndikuyang'ana zimenezi.

Mdala wa Sola: Alipo masikelo ena otero, amayamba ndi nambala yaing'ono. Sikeloyo ndi yabwinobwino. Koma onaninso chinthu china chomwe chasowa. Yakale ija inkakuuzani ST nsomba zikakhazikika ndi US zikamagwederabe, GS pa kulemera konse ndi NT mukachotsa kwa beseni. Yatsopanoyi siyikunena chilichonse mwa zimenezo. Ndiye ndi pulogalamu yanu yomwe iyenera kudziwa yokha kuti kulemera kwakhazikika.

Nasibeko: Achimwene a ku Malindi, kutembenuza nambala ndi ntchito ya mphindi zisanu, koma mukangoichita malo 6 aja n'kusiya, chaka chamawa mudzabweranso pano ndi nkhani yomweyi. Chomwe chakupwetekani si sikelo, ndi mamangidwe a pulogalamu. Sikirini yolembera malonda siyiyenera kudziwa kuti kunja kuno kuli Bluetooth, ngakhale kudziwa kuti sikelo imayamba ndi ST kapena ndi =. Taganizirani mmene nkhani za ukwati zimayendera kwathu kuno. Akuchimuna akakhala ndi nkhani sathamangira okha kwa apongozi, amadzera kwa ankhoswe. Ankhoswe ndiwo amadziwa mmene banja lililonse limalankhulira, nthawi yoyenera kufika, ndi mawu oyenera kubwera nawo. Pulogalamu yanu ikusowa ankhoswe.

Ine ndimagawa patatu. Pansi penipeni pali njira: Bluetooth, waya wa USB, kapena Wi-Fi. Gawo limeneli ntchito yake ndi kutsegula, kulandira mabayiti (tizidutswa ta deta), kutseka, ndi kuyesanso kulumikiza chikaduka, basi. Silidziwa kuti mabayitiwo ndi makilo kapena kutentha. Pamwamba pake pali womasulira, mmodzi pa mtundu uliwonse wa sikelo. Wa sikelo yakale amadula pa mzere watsopano, wa yatsopanoyi amadula pa = n'kutembenuza. Onse awiri amapereka chinthu chofanana ndendende: magalamu, kaya akhazikika kapena ayi, ndi nthawi yomwe awerengedwa. Pamwamba ndi pomwe pali pulogalamu yomwe amayi amaiona, ndipo iyo imangodziwa interface imodzi yotchedwa Sikelo, ndiko kuti khomo limodzi lofunsirapo kulemera. Sikelo ina ikabwera mumalemba womasulira watsopano, fayilo imodzi, kwina konse osagwirako.

Ndati magalamu mwadala. Musamasunge 12.35 ngati float (nambala ya desimali), sungani 12350 ngati nambala yathunthu. Float mukaiphatikiza kambirimbiri imayamba kusiya tizidutswa, ndipo pa ndalama za anthu tizidutswa timeneto timabala milandu.

Ankolo a ku Namwera: Achemwali, zomwe mwanenazo ndi zoona, sindikukana. Koma tiyeni tione kukula kwa ntchito. Awa ndi amayi a gulu limodzi, sikelo imodzi, foni imodzi. Mnyamatayu salipidwa ngati wa kampani. Bwanji osangobweza sikeloyo n'kugula ya mtundu wakale uja? Kapena kuika if imodzi (mzere wa khodi wosiyanitsa masikelo awiriwo) n'kupitiriza moyo? Ndaona achinyamata ambiri akumanga zigawo pa zigawo, miyezi itatu osamaliza, mwini ntchito n'kutaya mtima. Ine pulogalamu yanga ya kuchigayo ili mu fayilo imodzi ndipo ikugwira ntchito chaka chachitatu tsopano.

Nasibeko: Ankolo, mantha anuwo ndikuwamva, ndipo inenso ndinaonapo anthu akumanga nyumba ya zipinda khumi munthu akufuna kakhumbi. Koma zomwe ndikunenazi si miyezi itatu. Ndi interface imodzi ndi mafayilo atatu kapena anayi, ntchito ya Loweruka limodzi. Ndipo mtundu wakale uja kodi ukadalipo m'sitolo? Inu mukudziwa mmene katundu amabwerera kuno: mwezi uno wogulitsa wabweretsa mtundu uwu kuchokera ku Dar es Salaam, mwezi wamawa wina kuchokera ku Johannesburg. Ife sitisankha chipangizo, timatenga chomwe tachipeza. Ndiye kwa ife kulekanitsa kumeneku n'kofunika kuposa kwa munthu yemwe angaitanitse chomwecho mawa lake n'kumufikira.

Kamwana wa Malindi: Anafunsa kale, Ankolo. Mtundu wakale unatha ndipo sakudziwa ngati udzabwerenso.

Ankolo a ku Namwera: Chabwino, pamenepo ndagonja. Koma asapitirire muyeso. Asayambe kulembera masikelo omwe sanawaonepo.

Nasibeko: Pamenepo tagwirizana. Omasulira awiri okha, kuphatikiza wachitatu wonamizira, yemwe alibe sikelo kumbuyo kwake koma amangotulutsa nambala zomwe mwamuuza. Ameneyo amakulolani kuyesa pulogalamu muli kunyumba usiku, osadikira kuti amayi amalize malonda akubwerekeni sikelo. Muzimuuzanso kuti achite zoipa: adule pakati, atumize zinyalala, akhale chete mphindi ziwiri. Mukatero mumaona mmene sikirini ikuchitira zinthu zikavuta.

Chinanso achimwene, ndikuganiza kuti makilo odabwitsa aja akuchokeranso apa. Bluetooth siyikulonjezani kuti kuwerenga kamodzi ndi read() kubweretsa uthenga umodzi wathunthu. Mutha kulandira =53. tsopano, 210=5 pambuyo pake. Muziunjika mabayiti mu buffer (posungira mongoyembekezera), n'kumadula pokhapokha mwaona = wotsatira. Uthenga womwe kutalika kwake sikukukwana muutaye, musauganizire.

Aphunzitsi a Masamu: Ndilowererepo ngakhale ndine wongoyamba kumene. Ndimaphunzitsa kusekondale ndipo tili ndi kalabu ya makompyuta. Ankhoswe amenewa ndi omwe amawatcha driver aja? Ndikufuna ndikawafotokozere ana molondola.

Nasibeko: Ndi mtundu womwewo, Aphunzitsi. Driver ndi khodi yomwe imadziwa chipangizo chimodzi mkati ndi kunja, n'kumachionetsa kwa mapulogalamu ena m'njira yomwe onse anagwirizana. Anawo muwapatse chitsanzo cha kiyibodi ya USB: mungagule ya kampani iliyonse, mukailowetsa imangogwira, chifukwa opanga onse amatsata muyezo umodzi wotchedwa HID. Android nayo ili ndi gawo lotchedwa HAL pakati pa dongosolo lake ndi zida za opanga mafoni. Mu 2017, pa Android 8.0, a Google anakonzanso malire amenewa m'ntchito yomwe anaitcha Project Treble, chifukwa kale kusintha Android kunkafuna kuti opanga zida alembenso zambiri za mbali yawo, ndipo mafoni ankachedwa kulandira zatsopano. Ndiye vuto la achimwene a ku Malindi linawagweranso akuluakulu amenewo. Masikelo otsika mtengo alibe muyezo umodzi ngati kiyibodi, n'chifukwa chake womasulira timalemba tokha.

Aphunzitsi a Masamu: Zamveka bwino kwambiri. Zikomo achemwali.

Mdala wa Sola: Ine sikelo yandichoka m'mutu, mtima wanga uli pa mafiriji. Sikelo ikafa amayi atenga kope. Firiji ikafa usiku mu Okutobala, ndi kutentha kwa Mangochi kuno, m'mawa mupeza mpamba wonse wa gulu wanunkha. Mwana wanga, tafotokozani mmene kuzizira kumafikira pa foni.

Kamwana wa Malindi: M'firiji iliyonse muli sensa ya DS18B20. Zonse ziwiri zapita pa ESP32 imodzi (kakompyuta kakang'ono), yomwe imatumiza pa seva kudzera pa SIM800L (kachipangizo kolowetsamo SIM) mphindi zisanu zilizonse. Seva ikaona kuti kwatentha imatumiza uthenga pa foni ya tcheya wa gulu.

Mdala wa Sola: Ndiye netiweki ikachoka, kapena bandulo ya mu SIM ikatha, ndani amadziwa kuti firiji yatentha?

Kamwana wa Malindi: Palibe, Madala. Pulogalamu imangoonetsa nambala yomaliza yomwe inalandira.

Mdala wa Sola: Apo ndiye pali ngozi yoposa sikelo. Ndikuuzeni zomwe zinandionekera. Ndinaika pampu ya sola pa munda wina cha ku Makanjira, thanki pamwamba, sensa ya madzi m'thanki, ndipo lamulo loti pampu izime linkachokera pa seva. Mphepo ya mwera itavuta, netiweki inasowa masiku awiri. Pampu inapopa osaleka, thanki inasefukira mpaka madzi anakumba pansi pa nsanamira, ndipo chitsime chitaphwa pampu inazungulira youma n'kupsa. Ndinalipira ndekha theka la mtengo wake, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamenepo ndimamva chisoni. Kuyambira pamenepo, chilichonse chokhudza kuzimitsa, kuyatsa kapena kuchenjeza ndimachiika m'kachipangizo komweko, pafupi ndi chinthucho. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Seva ikhale yosunga mbiri ndi youza anthu akutali, koma ESP32 izidziwa yokha kuti kwatentha ndipo iziliza belu pomwepo, mlonda amve.

Ndipo foni isamaonetse nambala yakale ngati yatsopano. Pansi pa nambala pazilembedwa kuti yawerengedwa liti. Ikapitirira mphindi 15 osalandira china, sikirini ifiire n'kunena kuti sitikumva kuchokera kufiriji. Kukhala chete kwa chipangizo nakonso ndi uthenga.

Nasibeko: Madala anena zomwe ndimafuna kufikako. Pa mbali ya seva, njira yotumizira mauthenga yotchedwa MQTT ingakuthandizeni kuposa ya HTTP yomwe mukugwiritsa ntchito. Anaipanga mu 1999 Andy Stanford-Clark wa ku IBM ndi Arlen Nipper, poyang'anira mapaipi a mafuta kudzera pa setilaiti, komwe deta inali yodula ndipo kulumikizana kunkadukaduka. Mavuto awo aja ndi omwe tili nawo kugombe. Ili ndi chinthu chotchedwa Last Will: ESP32 ikamalumikiza imasiyiratu uthenga kwa broker (seva yogawa mauthenga) woti ikasowa mosatsanzika, onse auzidwe. Ndiye tcheya amalandira uthenga woti firiji yasiya kulankhula, popanda inu kulemba zambiri. Pa zowerenga gwiritsani ntchito QoS 1, yomwe imaonetsetsa kuti uthenga wafika ngakhale kamodzi. Koma dziwani kuti ungafike kawiri, ndiye uliwonse ukhale ndi nambala yake kuti seva itaye wobwereza. Ndipo mudutse pa doko la 8883 ndi TLS yobisa mauthenga, osati pa doko la 1883 poyera.

Che Fundi wa Monkey Bay: Ndawerenga zonse, ndine wa mawaya ine, za interface ndisiyira eni ake. Achimwene, DS18B20 ili ndi nambala ziwiri zomwe muyenera kuzikayikira. Ikakupatsani 85, kawirikawiri ndiye kuti yangoyaka kumene ndipo siyinayeze kanthu, 85 ndi nambala yomwe imadzuka nayo. Ikakupatsani -127 pa library ya DallasTemperature, ndiye kuti sensa siyikupezeka, mwina waya waduka. Tsono taganizani: -127 pulogalamu yosaphunzitsidwa iganiza kuti firiji ikuzizira kwambiri, zonse zili bwino, pomwe khoswe wadya waya. Musaiwalenso resistor ya 4.7k pakati pa waya wa deta ndi 3.3V. SIM800L nayo ikamatumiza imakoka mpaka 2A mwakanthawi kochepa, ndipo imafuna pakati pa 3.4V ndi 4.4V. Mukaidyetsa kuchokera pa ESP32 izingozima n'kuyaka. Ipatseni magetsi akeake ndi capacitor yaikulu pafupi nayo. Komanso ndi ya 2G yokha, muzikumbukira zimenezo mukamagula zina.

Kamwana wa Malindi: Che Fundi, -127 ndinaionapo kawiri m'mbiri ya pa seva ndipo sindinaitengere kanthu. Thupi langa lachita tsembwe.

Nasibeko: Ndipo onani kuti nkhani ya Che Fundi ikulowa malo omwe aja. Womasulira wa sensa ndiye ayenera kudziwa za 85 ndi -127. Kumwamba asatumize nambala zimenezo, atumize kuti sensa yalephera. Akumwamba asamaloweze zinsinsi za DS18B20, chifukwa tsiku lina mudzaika sensa ina yokhala ndi zinsinsi zake.

Mdala wa Sola: Ndiwonjezere pang'ono, popeza mafirijiwo ndi a sola. Firiji isanatenthe, batire ndi yomwe imayamba kutsika. Ma charge controller (zida zoyang'anira kutchaja batire) ambiri ali ndi doko la RS-485 ndipo amalankhula Modbus, chilankhulo chomwe kampani ya Modicon inatulutsa mu 1979 ndipo chikugwirabe ntchito m'mafakitale. Ndi kachipangizo kotembenuza RS-485 mutha kuwerenga mphamvu ya batire pa ESP32 yomweyo. Waya wake amatha kufika mamita pafupifupi 1200 pa liwiro lotsika, mukaika resistor ya ma ohm 120 kumapeto onse awiri. Mukadziwa madzulo kuti batire siyifika m'mawa, amayi ali ndi nthawi yokagula ayisi. Koma izi ndi za mtsogolo, malizani kaye belu.

Ankolo a ku Namwera: Mwaona, tayamba kale kumuwonjezera ntchito mnyamatayu. Belu ndikuvomereza ndi mtima wonse. MQTT ndi Modbus zidikire mpaka amayi abwerere pa foni. Koma ndili ndi funso langa lomwe palibe walifunsa. Sikelo yatsopanoyo inayezedwa? Sikelo ya malonda imayenera kutsimikizidwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Ndipo pulogalamu yanu isakhale ndi malo oti munthu angawonjezere kapena kuchotsa pa kulemera komwe sikelo yanena. Zomwe zili pa galasi la sikelo ndi zomwe zili pa lisiti zifanane, wogula aziona ndi maso ake. Mkangano wa dzulo uja umathera pamenepo.

Nasibeko: Ankolo mwalasa. Ndiye muzisunganso mzere weniweni womwe sikelo inatumiza, =53.210 uja, pambali pa magalamu. Mlandu ukabuka mumaonetsa kuti sikelo inanena izi, nthawi yakuti.

Kamwana wa Malindi: Ndiwafunsa amayi za kuyezetsa mawa. Nanga kukhazikika ndichite bwanji, popeza sikeloyi siyinena ST?

Nasibeko: Popeza ikutumiza osapuma, womasulira azisunga zowerenga za masekondi awiri apitawa. Zikakhala zonse zofanana, kapena zosiyana ndi gawo limodzi lokha laling'ono la sikeloyo, anene kuti zakhazikika. Batani losunga malonda lizitseguka pokhapo. Nsomba zikangochoka m'madzi zimadontha, ndiye muyese kugombe komweko muone ngati masekondi awiri akukwana.

Kamwana wa Malindi: Akuluakulu, ndabweranso patatha masiku atatu. Ndachotsa khodi ya sikelo malo 6 aja, tsopano ili pamodzi. Pali womasulira wa yakale, wa yatsopano, ndi wonamizira. Wonamizirayo wandigwirira cholakwika chomwe chinalipo kuyambira kale: Bluetooth ikaduka pakati pa malonda, sikirini inkasunga kulemera kwa munthu wapitayo. Ndakonza. Lero m'mawa amayi ayeza mabeseni 14 pa foni ndipo onse afanana ndi galasi la sikelo. Mayi tcheya anandigwira dzanja nthawi yaitali. Chatsala ndi purinta: nthawi zina lisiti silituluka, mayi akadinanso amatuluka awiri ndipo malonda amalembedwa kawiri.

Nasibeko: Ndasangalala kwambiri achimwene. Purinta ichitireni zomwezo. Tipurinta timeneti tambiri timamva chilankhulo cha ESC/POS cha kampani ya Epson, ndiye womasulira mmodzi angakwanire mitundu ingapo. Koma kulemba kawiriko kukuchokera poti batani limodzi likuchita ntchito ziwiri. Malonda alembedwe kaye mu SQLite (nkhokwe ya deta ya m'foni) ndi nambala yake ya lisiti, kamodzi. Kusindikiza kukhale ntchito ina yomwe ikutenga nambala imeneyo pa mzere wodikira. Purinta ikakana, mayi adina kusindikizanso, lituluka lisiti lomwelo lolembedwa kuti ndi kope, malonda osachuluka. Onaninso ngati foniyo ili pa Android 12 kapena kuposa, chifukwa kuyambira pamenepo muyenera kupempha chilolezo cha BLUETOOTH_CONNECT pulogalamu ikuyenda. Ndipo mafoni ambiri amapha mapulogalamu akumbuyo posunga batire, ndiye kulumikizana ndi sikelo ndi purinta kukhale mu foreground service, gawo lomwe foni siliphera msanga.

Che Fundi wa Monkey Bay: Yang'ananinso batire ya purintayo. Ikatsika imalumikiza bwino koma pofika potenthetsa pepala imazima. Pepala lakenso musalisiye padzuwa, limada lokha.

Mdala wa Sola: Nanga belu?

Kamwana wa Malindi: Sindinaike, Madala. Ndilibe buzzer yomveka patali, ndipo ndikuopa kulumikiza molakwika pa ESP32.

Mdala wa Sola: Musailumikize molunjika pa pini, ifunika transistor kapena relay. Ndili ndi siren ya 12V yomwe inatsala pa ntchito ina, ndikupatsani ulere. Lachisanu tikatuluka ku mzikiti ndikhala pa boma mpaka 4 koloko. Muwoloke mlatho mubwere ndi ESP32 yo ndi laputopu, tikayese limodzi ndi madzi a ayisi ndi madzi ofunda. Tiikemonso watchdog kuti ESP32 ikauma iziyambiranso yokha.

Aphunzitsi a Masamu: Madala, ndingabwere ndi ana awiri a kalabu adzaonerere?

Mdala wa Sola: Abwere, Aphunzitsi, koma makolo awo adziwe. Che Fundi, ngati muli ndi capacitor ya 1000µF ndi ma resistor a 4.7k mutumize pa minibasi ya m'mawa, ndikalandira pa depoti.

Che Fundi wa Monkey Bay: Ndili nazo. Ndiikamonso sensa imodzi yapadera, ya waya wokutidwa, muike m'malo mwa ija inaonetsa -127.